Nambala za foni zikatha: kudula dera, kusanjikiza khodi, kapena kutalikitsa?

Pakhoma la golosale ina pa Lizulu pakadali nambala ya foni ya makedzana. Mwiniwake anailembetsa ndi penti wofiira. Mu 2009 nambala za m'manja zitatalikitsidwa, za Zain (lero Airtel) zoyamba ndi 09 n'kukhala 0999, za TNM zoyamba ndi 08 n'kukhala 0888, bamboyo sanafune kulipiranso wolemba zikwangwani. Anangotenga penti wakuda n'kupanikiza tima 9 tiwiri pamwamba. Ndikamadutsa pamenepo pokagula kachewere ndimaseka ndekha, koma bamboyo zinamuyendera bwino tikayerekeza ndi anzake a kunja.

Kumayiko kumene foni zimayendera khodi ya dera (manambala oyambirira osonyeza dera), nambala zikatha njira yakale inali kudula deralo pawiri. Mbali ina imatsala ndi khodi yakale, inayo n'kupatsidwa yatsopano. Ku New York mu 1984, Manhattan ndi Bronx anatsala ndi 212, pamene Brooklyn, Queens ndi Staten Island anawakankhira ku 718. Ubwino wake ulipo: woimbira mnansi wake amadinabe manambala ochepa, ndipo ukaona khodi umadziwa kumene munthu ali. Koma theka la anthu limalipira mlandu womwe silinapalamule. Zikwangwani, mabuku a malisiti, zidindo, zolemba pagalimoto, zonse kuyambiranso, pamene wopikisana naye kutsidya kwa malire ali phee. Tangoganizani atati a ku Dedza sungani nambala zanu, a ku Ntcheu sinthani. Pa Lizulu pangakhale mtendere?

Ndipo kudulako sikuchedwa kukalamba. London anadula 01 kukhala 071 ndi 081 mu 1990. Mu 1995 anawonjezera 1, zikhale 0171 ndi 0181. Pofika 2000 anabwezeretsa mzinda wonse pa khodi imodzi, 020, nambala n'kuzitalikitsa. Katatu m'zaka khumi! Amene ankadyerera ndi osindikiza okha.

Njira inayo ndi kusanjikiza: khodi yatsopano amaiyala pamwamba pa yakale m'dera lomwelo. Wokhala ndi nambala kale sasintha kanthu, yatsopanoyo imapita kwa obwera kumene. New York anayamba izi ndi 917 mu 1992, ndipo ku Johannesburg 010 ikuyenda limodzi ndi 011. Dandaulo lake ndi loti uyenera kudina nambala yonse ngakhale ukuimbira munthu wa khomo loyandikana nalo. Ku South Africa anachita kulamula zimenezi kuyambira 2007. Kwa ife dandaulo limenelo ndi loseketsa, poti manambala khumi timadina kale, ndiponso ndani masiku ano amadina pamtima? Timangofufuza dzina m'foni.

Yachitatu ndi kutalikitsa nambala, ija tinalawa ife mu 2009. Imapweteka aliyense mofanana, kamodzi, kenako malo amakhala mbwee kwa zaka zambiri. Sindiinyoza. Koma 2009 si lero. Nthawi imeneyo nambala inali yongoimbirana. Lero ndiyo chikwama: Airtel Money ndi Mpamba zili pomwepo, WhatsApp pomwepo, kubanki analemba yomweyo, ndipo mlongo wanu wa ku Joni amatumiza ndalama ya feteleza pa yomweyo. Kuisuntha panopa kuli ngati kusamutsa nkhokwe yodzadza.

Ndiye ine ndili kumbali ya kusanjikiza, ndipo tikuchita kale osadziwa: 098 inabwera pambali pa 099 popanda wina kugula penti. Chilema chake ndinachiona ndekha. Mphwanga atagula layini ya 098 zitangoyamba kumene, anaimbira amayi ku Bembeke masiku atatu osayankhidwa. Amayi ankangoiyang'ana foni ikulira, amvekere, "Nambala yachilendoyi ndi ya akuba aja onamiza anthu kuti mwapata mphoto." Mpaka ndinachita kupitako Loweruka kukawasungira dzina lake m'foni.