Zida za Ferguson wotuwa: zoyambirira, zatsopano za m'sitolo, kapena za kwa wowotcherera?

Thirakitala ya Ferguson TE20, yaing'ono yotuwa ija imene alimi a ku South Africa amaitcha Vaaljapie, inkapangidwa pa fakitale ya Banner Lane mumzinda wa Coventry ku England kuyambira 1946 mpaka 1956. Anapanga mathirakitala 517,651, ndipo ambiri akadalipo, ena akunyezimira m'mashedi a anthu okonda zakale, ena akukokabe ngolo m'minda. Mukagula imodzi, wogulitsa amakuunjikirani zitsulo pambali n'kunena kuti zonsezi n'zake. Zina n'zakedi, zina ndi za thirakitala ina, zina zinapangidwa dzana. Ndiye pamene chida chasowa pali njira zitatu: kusaka choyambirira, kugula chatsopano kwa makampani opanga zofanizira monga Sparex, kapena kupita kwa wowotcherera kuti akupangireni. Ine sindiona kuti pali njira imodzi yopambana pa zida zonse. Chida chilichonse chili ndi mlandu wakewake.

Penti musaikhulupirire. Kampani ya Harry Ferguson inkapaka utoto wotuwa pafupifupi chilichonse, ndipo lero aliyense amene ali ndi chitini cha penti angathe kuchita chimodzimodzi. Yambani mwawerenga kachitsulo kaphanthiphanthi kokhomedwa pafupi ndi tsinde la chiwongolero, pamene pali zilembo ndi nambala. TE ndi ya injini ya Continental yochokera ku America. TEA ndi ya petulo, injini ya kampani ya Standard, kuyambira 1947. TED, ya 1949, imalizidwa ndi petulo kenako n'kuyendera mafuta onga palafini. TEF ndi ya dizilo, ndipo inayamba mu 1951. Chaka chomwechonso magetsi anachoka pa 6 volt kupita pa 12 volt. Choncho wina akakuonetsani dayinamo ya 12 volt pa thirakitala ya 1948 n'kumalumbira kuti inabwera nayo, dziwani kuti inasinthidwa m'njira. Kusinthako si kulakwa, koma mtengo wa choyambirira musalipire.

Pa sipanala ndiye ndimaumirira choyambirira. Sipanala ya Ferguson ndi yotalika mainchesi 10, ili ndi kamwa mbali zonse ziwiri, 11/16 inchi uku ndi 1 1/16 inchi uku, chifukwa manati ambiri a pa thirakitala ndi pa zolimira zake anawapanga a misinkhu iwiri yomweyo kuti mlimi asamayende ndi thumba la zida. Pathupi pake pali timizere, mbali ina ta mainchesi, mbali ina ta masentimita. Mlimi ankayeza nato kuya kwa mzere umene pulawo yadula, ndipo popeza thirakitalayi ilibe geji ya mafuta, ankaiviikanso m'thanki kuti aone otsala. Mukaitenga m'manja yoyambirira mumamva kulemera kwake. Manambala ake ndi otukuka, osulidwa pamodzi ndi chitsulocho, ndipo zambiri zili ndi zilembo EN18, zosonyeza mtundu wa chitsulo. Kamwa lake limakhala losalala ndi kugwira ntchito, m'mphepete mwatheratu ukali. Zatsopano zilipo ndipo nati zimamasula, koma zimene ndaonapo zimaoneka zoyera mofanana paliponse, opanda malo amene chikhatho cha munthu chinadya. Za kwa wowotcherera pano palibe n'chifukwa chozitchulira, popeza sipanala wamba ya msinkhu womwewo imagwira ntchitoyo.

Nkhani imakula tikafika kumbuyo, pa mikono itatu yokolekera pulawo. Nzeru yonse ya Ferguson inagona pa mkono wapamwamba, umene amakaniko amati top link. Pulawo ikakumana ndi nthaka yolimba imakankha mkonowu, mkono umakankha sipuling'i yaikulu ili kuseri kwa mpando, ndipo hayidiroliki, makina onyamula mikono yam'munsi ndi mphamvu ya mafuta, imatukula pulawo pang'ono kuti thirakitala isatitimire. Mkono woyambirira ndi wa zitsulo ziwiri zolumikizidwa ndi mabawuti, ndipo kutalika kwake kumasinthika pang'ono chabe. Wa masiku ano ndi wozungulira, wamazinga, mumangoupotokola pakati. Kwa munthu amene amasintha zolimira kawirikawiri, lero pulawo mawa chotchetchera udzu, wamazingayu ndi wosavuta, ndipo sindingamudzudzule. Koma ngati pulawo yanu ndi ya Ferguson yeniyeni, ikani woyambirira, chifukwa ziwirizi anazilinganiza pamodzi. Umene ndimaukana kwamtuwagalu ndi wa paipi yamadzi yowotcherera timaso kunsonga. Paipi imapindika ikakankhidwa, uthenga wopita ku sipuling'i umasokonekera, ndipo tsiku limene idzathyoke pulawo idzagwa mosayembekezeka.

Zolimira za Ferguson zili ndi kachitsulo kakekake kolembedwa mtundu ndi nambala. Chopalira cha mano 9, mwachitsanzo, chimalembedwa 9-BE-20. Kachitsuloko kakasowa, fufuzani timabowo tating'ono pamene kanakhomedwa. Muonenso manati: ngati sipanala ija ikulowa pa ambiri mwa iwo, chizindikiro n'chabwino.

Chitsulo chokokera ngolo choyambirira ndi chophwatalala, cha mabowo 9, chimalowa pakati pa mikono iwiri yam'munsi ndipo chimagwiridwa ndi zochirikiza ziwiri zokwera m'mwamba. Pano chatsopano ndi choyambirira sizisiyana kwenikweni pa ntchito, bola chitsulo chikhale chochindikala. Chimene chimazindikiritsa chakale ndi mabowo apakati amene asanduka ngati dzira chifukwa cha pini yogwedera zaka zambiri. Muyang'anenso katcheni ka pa chochirikiza cha kumanja. Ntchito yake ndi kutseka ndodo ya hayidiroliki kuti isakwezedwe zochirikiza zili pomwepo, chifukwa ikakwezedwa imazipinda. Mukaona zochirikiza zokhota, ndiye kuti mwiniwake wakale analibe katcheniko kapena sankakagwiritsa ntchito.

Mapini onse gulani atsopano. Apamwamba ndi a 3/4 inchi, am'munsi 7/8, ndi otchipa, ndipo pini yodyeka ilibe ulemu uliwonse woti muisungire.

Gudumu loyendetsa lamba, lija limamangidwa kumbuyo ndi mabawuti anayi kuti lizunguze macheka kapena chigayo, limapusitsa anthu ambiri. Shafuti ya PTO, chitsulo chozungulira cha kumbuyo chimene chimayendetsa gudumuli ndi zida zina, pa TE20 ndi ya 1 1/8 inchi, pamene ya FE35, imene inalowa m'malo mwake mu 1956, ndi ya 1 3/8, chimodzimodzi Massey Ferguson 35 ndi 135 zofiira zija tinazizolowera m'maesiteti a fodya ndi tiyi. Magudumu a mitundu iwiriyi amaoneka ofanana ukawaonera patali, ndipo onse angakhale enieni, koma la 35 silingagwire pa TE20 popanda cholumikizira. Yezani bowo musanatulutse ndalama. Pa chida chimenechi choyambirira ndiye chabwino, popeza magiya ake am'kati palibe wowotcherera angawapange. Zunguzani ndi dzanja, mumvetsere ngati mukulira, ndipo muone ngati mafuta sakudontha.

Jeke ya Ferguson ndi chinthu chokoma kuchiona chikugwira ntchito. Ili ndi zigawo ziwiri, china kutsogolo, china chokolekedwa pa mikono yam'munsi, ndipo thirakitala imadzinyamula yokha ndi hayidiroliki yake, matayala onse anayi n'kuchoka pansi. Ankaifuna posintha mpata wa matayala, umene umayambira mainchesi 48 kufika 76 molingana ndi mizere ya mbewu. Sinkabwera ndi thirakitala iliyonse, inkagulidwa padera, n'chifukwa chake yoyambirira ndi yosowa. Mukaipeza, palani dzimbiri m'malo olumikizira muone ngati mulibe ming'alu. Yongopekedwa pa msika, yoyezedwa ndi maso, musaiyese. Thirakitalayi imalemera kuposa tani imodzi. Ndipo kaya jeke ndi ya mtundu wanji, ikani zipika zolimba pansi musanachotse tayala.

Nyali nazonso zinali zogula padera. Za kampani ya Lucas zinali ndi diso limodzi lalikulu pamwamba pa boneti, tinyali tiwiri tam'mbali ndi ina younikira pulawo kumbuyo. Thirakitala yopanda nyali, boneti yake yopanda bowo, sikuti yaberedwa, ambiri anatuluka m'fakitale choncho. Wofuna kukaionetsa ku chionetsero cha mathirakitala akale asake ya Lucas, dzinalo limaoneka pagalasi kapena pachitsulo chake. Wofuna kubwerera nayo kumunda dzuwa litalowa agule nyali zatsopano ndi mawaya atsopano, chifukwa waya wa zaka 70 wouma chikopa, wodutsa pafupi ndi thanki ya petulo, ndi moto wodikira tsiku.

Pali zida ziwiri zimene TE20 sinabwere nazo koma ndimalangiza aliyense woigwiritsa ntchito kuti aziike. Choyamba ndi chitsulo chokhota chotchinjiriza woyendetsa thirakitala ikagubuduka, chogula kwa opanga odziwika, osati chowotcherera pakhomo. Chachiwiri ndi kachida kolowetsa pa PTO kotchedwa overrun clutch. Pa thirakitalayi PTO imalumikizana ndi magiya, moti chotchetchera udzu chikathamanga, mphamvu yake imapitiriza kukankha matayala ngakhale mutaponda kilatchi, ndipo mungadzapezeke mwalowa m'ngalande phazi lili pansi. Kachidako kamalola chotchetchera kuzungulira chokha mpaka chiime. Zilipo zina zolowa pa 1 1/8 n'kutulukira pa 1 3/8, zimene zimakupatsaninso mwayi womangirira zida za masiku ano.