Kashima Antlers kapena Urawa Reds: tisapote iti ku Japan?

Ukangoyamba kutsatira J.League, ligi ya ku Japan, maina awiri sachedwa kukuzolowera m'khutu: Kashima Antlers ndi Urawa Red Diamonds, imene eni ake amangoti Reds. Matimu onsewa amavala zofiira, onse anabadwira m'makampani, onse analipo pamene ligiyi inkayamba mu 1993, ndipo masapota awo samwerana madzi. Mpira wopanda mbali sukoma. Ndiye kwa inu anzanga amene mukufuna timu yoti muziyidzukira m'mawa Loweruka, ndaika mbiri za awiriwa pamodzi kuti muone nokha. Mbali yanga ndili nayo, muiona kutsogoloku, koma aliyense ndimupatsa zake.

Urawa ndi mwana wa kwa bwana. Inayamba mu 1950 ku Kobe ngati timu ya ogwira ntchito ku Mitsubishi, inasamukira ku Tokyo mu 1958, ndipo mu ligi yakale ya matimu a makampani inakhala akatswiri kanayi: 1969, 1973, 1978 ndi 1982. Mu 1978 inakolola zikho zonse zitatu za m'dzikomo. Pamene J.League inkakhazikitsidwa, palibe amene ankakayika zoti a Mitsubishi akhalamo. Anasankha kukhazikika ku Urawa, kumpoto kwa Tokyo, mzinda umene unali wotchuka kale ndi mpira wa m'masekondale. Ndalama zinalipo, anthu analipo, mbiri inalipo. Koma taonani, mu 1993 anathera pansi penipeni pa ligi, ndipo mu 1994 anabwerezanso.

Kashima inali nkhani ina. Inali timu ya fakitale ya zitsulo ya Sumitomo, yoyambira ku Osaka mu 1947, ndipo mu 1975 inasamukira ku Kashima, tauni ya m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Ibaraki, imene mpaka lero anthu ake safika 70,000. Pa nthawi yosankha matimu khumi oyambitsa ligi, iwowa anali mu divishoni yachiwiri. Saburo Kawabuchi, amene anadzakhala tcheyamani woyamba wa J.League, anawauza kuti kulowa kwawo kunali kosatheka ndi 99.9999 peresenti, pokhapokha atamanga sitediyamu ya mpira wokha, yofolera, yolowa anthu 15,000. Ankayesa kuti wawatsekera njira mwaulemu. Boma la chigawo cha Ibaraki linavomera kumanga, ndipo bwalolo linatsegulidwa mu 1993.

Chachiwiri chimene anachita ndicho chinasintha zonse. Mu 1991 anatenga Zico, yemwe uja wa Flamengo ndi Brazil, ali ndi zaka 38 ndipo atasiya kale mpira, n'kumubweretsa kudzasewera mu divishoni yachiwiri ndi anyamata a pafakitale. Pa 16 May 1993, masewero oyamba a Kashima mu J.League anali olimbana ndi Nagoya Grampus Eight, imene inali ndi Gary Lineker kutsogolo. Kashima inawina 5-0, Zico anamwetsa zitatu ali ndi zaka 40, Alcindo ziwiri. Iye atapachika nsapato mu 1994, njira ya ku Brazil inatsala yotseguka: kunabwera Leonardo ndi Jorginho, onse a m'gulu limene linatenga World Cup ya 1994. Kwa zaka pafupifupi 30, mphunzitsi aliyense wakunja amene Kashima inalemba ntchito anali wa ku Brazil, mpaka René Weiler wa ku Switzerland mu 2022. Chiboliboli cha Zico chili panja pa sitediyamu, ndipo masapota amapachikabe chinsalu cha dzina lake.

Pali chinthu chimodzi chimene ife a kuno tingachimve msanga. Timadziwa timu imene dzina lake limayenda ndi thumba: Bata Bullets inadzakhala Total Big Bullets, kenako Bakili, kenako Nyasa, Manoma akhalapo Limbe Leaf, MTL, komanso Be Forward, kampani ya ku Japan komweko yogulitsa magalimoto. J.League inakana zimenezo kuyambira pachiyambi, inati timu izidziwika ndi dera lake. N'chifukwa chake Mitsubishi inabisala m'mawu akuti Diamonds, potengera chizindikiro chake cha madayamondi atatu ofiira, ndipo pamene kampani ya Mercari inagula gawo lalikulu la Kashima mu 2019, dzina la Antlers silinagwedezeke. Jezi imene mungagule lero sidzatha ntchito chifukwa choti siponsa wachoka.

Pa zikho za m'dziko, palibe mpikisano weniweni. Kuyambira 1996 mpaka 2016 Kashima inatenga ligi ka 8, ndipo palibe timu imene yaiposa. Mu 2000, pansi pa Toninho Cerezo, inatenga ligi, League Cup ndi Emperor's Cup m'chaka chimodzi. Kuyambira 2007 mpaka 2009, pansi pa Oswaldo de Oliveira, inatenga ligi katatu motsatizana. Siinatulukepo mu divishoni yoyamba. Urawa, ndi chuma chonsecho, ligi inaitenga mu 2006 ndi mphunzitsi Guido Buchwald, masiku a Marcus Tulio Tanaka, Makoto Hasebe, Robson Ponte ndi Washington. Inalawakonso divishoni yachiwiri. Tsiku lomaliza la 1999 inkafunika kugonjetsa Sanfrecce Hiroshima mkati mwa mphindi 90, koma masewero anapita ku nthawi yoonjezera, imene inkaseweredwa ngakhale mu ligi masiku amenewo. Masahiro Fukuda anagoletsa chigoli chopambanira akudziwa kale kuti timu yatuluka, ndipo mnzake amene anathamanga kudzamukumbatira anamukankhira kumbali. Ku Japan amachitcha chigoli chomvetsa chisoni kuposa zonse.

Koma kuti muwadziwe bwino awiriwa, musawerenge zikho. Onani zaka ziwiri zimene analimbirana ligi maso ndi maso.

Mu 2007 Urawa inali pachimake. Kutatsala masewero asanu, inali patsogolo pa Kashima ndi mapointi 10, ndipo mkati mwa November inatenganso chikho cha Asia. Koma mu ligi miyendo inalemera. Inalepherana ndi matimu atatu motsatizana, pomwe Kashima inkangowina. Masewero achiwiri kwa omaliza anali a awiriwa, pa bwalo la Urawa lodzadza, ndipo Kashima, ngakhale inatsala yoperewera chifukwa cha khadi lofiira, inawina 1-0 ndi chigoli cha Takuya Nozawa. Ngakhale zinali choncho Urawa inali ikadali pamwamba ndi pointi imodzi, ndipo masewero ake omaliza anali ndi Yokohama FC, timu imene inali itatuluka kale mu ligi. Ndani akanakayika? Inagonja 1-0, mpira wa chigolicho utachokera kwa Kazuyoshi Miura, mdala wa zaka 40. Kashima inakwapula Shimizu S-Pulse 3-0, kupambana kwachisanu ndi chinayi motsatizana, n'kutenga ligi ndi mapointi 72 kwa 70. Chaka chonsecho inali isanakhalepo pamwamba pa tebulo mpaka tsiku limenelo.

Za 2016 ndi zowawa koposa, ndipo ngakhale ine ndimavomereza kuti Urawa inalakwiridwa ndi dongosolo. Zaka za 2015 ndi 2016 ligi inkagawidwa magawo awiri, kenako matimu apamwamba ankakumana mu ndime yochotsana. Pophatikiza chaka chonse Urawa inali ndi mapointi 74, Kashima 59, kusiyana kwa 15. Kashima inali itatenga gawo loyamba n'kugwa mphwayi m'gawo lachiwiri. Mu fainolo, Urawa inakawina 1-0 kwa Kashima ndi penate ya Yuki Abe. Pobwereza ku Saitama, pa bwalo la Urawa, Shinzo Koroki wa Urawa, amene anachoka ku Kashima komweko mu 2013, anagoletsa masewero atangoyamba. Zonse zinkaoneka kuti zatha. Kanazaki wa Kashima anabweza ndi mutu chigawo choyamba chisanathe, kenako anamwetsa penate kutatsala mphindi 11. Zigoli zonse pamodzi zinali 2-2, ndipo Kashima inatenga ligi chifukwa cha zigoli za koyenda. Chaka chotsatira dongosolo la magawo awirilo linathetsedwa.

Ukatswiri umenewo ndi umene unalowetsa Kashima mu Club World Cup ya December 2016, poti Japan ndiyo inkachititsa. Anzathu a ku Joni amaikumbukira bwino, chifukwa Kashima ndiyo inatulutsa Mamelodi Sundowns ya Pitso Mosimane 2-0 ku Osaka. Inadzaphumitsa Atlético Nacional ya ku Colombia 3-0, n'kukhala timu yoyamba ya ku Asia kufika fainolo. Ku Yokohama, Karim Benzema anatsegula, koma Gaku Shibasaki anamwetsa ziwiri ndipo Real Madrid inapezeka ili kumbuyo 2-1. Cristiano Ronaldo anabweza ndi penate. Chakumapeto kwa mphindi 90, Sergio Ramos, ali kale ndi khadi lachikasu, anagwetsa Kanazaki. Woimbira, Janny Sikazwe wa ku Zambia, anapititsa dzanja kuthumba, n'kulibweza lopanda kanthu. Ronaldo anaonjezera ziwiri mu nthawi yoonjezera, zinathera 4-2. Masapota a Kashima dzanja lija sanaliiwale.

Apa ndiye Urawa iyankhe, ndipo yankho lake ndi lolemera. Champions League ya ku Asia yaitenga katatu, zimene timu ina iliyonse ya ku Japan sinachite. Mu 2007 inagonjetsa Sepahan ya ku Iran, mu 2017 Al Hilal ya ku Saudi Arabia, ndipo mu May 2023 Al Hilal yomweyo, imene inali itawagonjetsa mu fainolo ya 2019. Mu 2017 muja Urawa inali yapakatikati mu ligi ya kwawo, koma usiku wa Asia inkasanduka ina. Kashima inavutika zaka zambiri ndi chikho chimenechi, ndipo inachipeza kamodzi, mu 2018, itagonjetsa Persepolis 2-0 pakhomo n'kukapirira 0-0 ku Tehran. Timu imene imalephera kusunga mapointi 10 kwawo ndi yomweyo imene imakaima nji ku Riyadh. Zimenezi ine zimandizunguza mutu mpaka lero.

Gawo lina la yankholo ndi anthu. Saitama Stadium, imene inamangidwira World Cup ya 2002, imalowa anthu oposa 60,000, ndipo mu 2008 masewero a ligi a Urawa ankakoka anthu oposa 47,000 pa avereji. Kuseri kwa golo la kumpoto amaima masewero onse, kuimba osapuma, ndipo pa masewero akuluakulu bwalo lonse limakweza mapepala ofiira, oyera ndi akuda kupanga chithunzi chimodzi chachikulu. Bwalo la Kashima linakulitsidwa kufika anthu pafupifupi 40,000, koma lili kutali, ulendo wa maola awiri pa basi kuchokera ku Tokyo, ndipo silidzadza kawirikawiri. Limatchuka kwambiri ndi chakudya, makamaka motsuni, nthumbwana zophika m'miphika ikuluikulu m'makonde a sitediyamu.

Khamu la Urawa lili ndi mabala ake, ndipo munthu wakuda wosankha timu ayenera kuwadziwa. Pa 8 March 2014, pa masewero ndi Sagan Tosu, masapota ena anapachika chinsalu cholembedwa kuti "Japanese only" pa khomo lolowera mbali yawo, ndipo akuluakulu a timu sanachichotse mpaka masewero atatha. Ligi inalamula kuti masewero awo ndi Shimizu aseweredwe bwalo lili lopanda munthu, koyamba m'mbiri ya J.League. Mu 2023, atagonja kwa Nagoya mu Emperor's Cup, masapota ena analowa m'bwalo kukachita chipolowe, ndipo timu inaletsedwa kusewera chikhocho mu 2024. Anali ochepa pakati pa zikwi zambiri, ndipo ambiri mwa anzawo anadzudzula, komabe zinachitika.

Wina afunsa za Yokohama F. Marinos, ya Nissan, imene Ange Postecoglou anaipatsa ligi mu 2019, kapena Kawasaki Frontale imene inatenga kanayi pakati pa 2017 ndi 2021. Ndi matimu abwino, ndipo mpira wawo pa nthawi imeneyo unali wokoma m'maso kuposa wa awiri athuwa. Mpira wa Kashima si wa madoido. Ikatsogola 1-0 kutatsala mphindi zisanu, imakabisa mpira pakona mpaka wezulo, ndipo adani ake amadana nayo chifukwa cha zomwezo.

Kwa ife oonera kutali, nthawi ndi yofanana kwa onse. Japan ili patsogolo ndi maola 7, choncho masewero a 2 koloko masana kumeneko amatipeza 7 koloko m'mawa, a 7 koloko usiku amatipeza 12 koloko masana, Premier League isanayambe. Zidule za masewero zimapezeka pa YouTube ya J.League. Ligiyi yakhala ikuyenda kuyambira February mpaka December, koma kuyambira 2026 ikusinthira ku kalendala yoyamba mu August ngati ya ku Ulaya.

Kutalikirako n'kumene kumandipangitsa kusankha Kashima. Chuma chachikulu cha Urawa ndi phokoso la anthu 60,000, ndipo phokoso limenelo pa foni, ndi bando ya mphindi zochepa, limafika litatheratu mphamvu. Chimene chimafika chathunthu ndi zotsatira, ndiponso anyamata amene umawaona akukula n'kudzawapeza ku Ulaya: Atsuto Uchida ku Schalke, Yuya Osako ku Köln ndi Werder Bremen, Ayase Ueda ku Feyenoord. Urawa nayo inatulutsa Shinji Ono ndi Hasebe, ndipo Wataru Endo anadutsa kumeneko asanafike ku Liverpool, choncho pamenepa sindingainyoze. Ngati muli ndi chiyembekezo chodzapondako ku Japan ndipo mudzakhala ndi Loweruka limodzi lokha, gulani tikiti ya ku Saitama, mudzakhale pafupi ndi golo la kumpoto. Koma ngati ndinu wa pafoni ngati ine, woti muzitsegula tebulo sabata ndi sabata, tengani Kashima, ndipo ikadzapezeka kumbuyo ndi mapointi 10 kutatsala masewero asanu, musadzafulumire kuzimitsa.