Merlin Bird ID: imazindikira nkhunda, koma mbiri ya dzina mudzifufuzire nokha

Kwa oyamba kuyang'ana mbalame kuno ku Mzuzu, pulogalamu ya pafoni ya Merlin Bird ID ndi yothandiza, ndipo ndi yaulere. Anaipanga ndi a Cornell Lab of Ornithology ku America. Imakufunsani mafunso asanu: malo, tsiku, kukula kwa mbalame, mtundu wa nthenga ndi chimene imachita. Mukhozanso kuipatsa chithunzi. Paketi ya mbalame za dera lathu itsitseni muli m'tauni pomwe pali Wi-Fi, chifukwa ili ndi zithunzi ndi mawu ambiri moti imadya bandulo. Ikalowa m'foni imagwira ntchito popanda netiweki, ngakhale muli mkati mwa nkhalango ya Viphya kapena ku Nyika.

Pa nkhunda ndi njiwa zathu imachita bwino. Nkhunda yobiriwira imene imadya nkhuyu mwakachetechete m'masamba, Treron calvus, siivuta. Chimodzimodzi nkhunda yaikulu yakuda ya kumapiri, ya mlomo ndi miyendo yachikasu, Columba arquatrix.

Vuto limayamba mukaika foni pambali pa buku la mbalame. Columba arquatrix yomweyo mabuku ena amaitcha Rameron Pigeon, ena African Olive Pigeon, ndipo wosadziwa amalemba mbalame ziwiri pomwe waona imodzi. Merlin imatsatira mndandanda wa maina a mbalame wa eBird (webusayiti ya a Cornell omwewo), umene umakonzedwanso chaka ndi chaka, pomwe buku limakhala momwe linasindikizidwira. Choncho dalirani dzina lasayansi, ndipo m'kope mwanu lizikhala loyamba.

Nkhunda za pazilumba ndiye zimasokoneza kwambiri. Mbalame ikakhala kwayokha pachilumba kwa zaka zikwizikwi imasintha pang'onopang'ono, ndipo akatswiri amatsutsana ngati yasanduka mtundu pawokha kapena ikadali nthambi ya mtundu wakumtunda. Nkhunda ya ku Comoros, Columba pollenii, inatenga dzina la François Pollen wa ku Netherlands, ndipo ena ankaiwerenga ngati nthambi chabe ya arquatrix yathuyi. Yobiriwira ya pachilumba cha Pemba ku Tanzania, Treron pembaensis, anaifotokoza koyamba katswiri wa mbalame Pakenham mu 1940, ndipo nayonso yaikidwapo pansi pa mitundu ina.

Taonani ya ku Mauritius, ya nthenga zapinki, imene cha m'ma 1990 inatsala pafupifupi 10 zokha m'tchire. Katswiri wa ku France, Prévost, anaitcha Columba mayeri mu 1843, ndipo liwu loyambalo, Columba, ndi dzina la gulu. Pambuyo pake inasamutsidwira m'gulu la Nesoenas, ena n'kuiika mu Streptopelia. Liwu lachiwiri, mayeri, silinasinthe, ndipo apa pali njira yofufuzira: dzina likakusowani, sakani ndi liwu lachiwirilo. M'mabuku a akatswiri, dzina la woifotokoza ndi chaka zikakhala m'mabulaketi, zikutanthauza kuti mbalameyo inachotsedwa m'gulu limene anaiikamo poyamba.

Zonsezi Merlin sifotokoza. Imakupatsani dzina la lero basi, ndipo kwa ophunzira za zamoyo pa Mzuni izi n'zosakwanira, pafunika buku pambali. Maina a Chitumbuka, Chitonga ndi Chichewa funsani akuluakulu a m'dera limene mwaonamo mbalameyo, muwalembe pamodzi ndi malo komanso tsiku, poti dzina limodzi ngati njiwa limaphimba mitundu ingapo.