Sizoni yathunthu ya Italian F4 ndi timu yapakatikati: galimoto ndi yabwino, koma werengani mgwirizano kawiri

Nyenyezi 3 mwa 5. Ndemangayi ndi ya phukusi limene matimu ambiri a F4 (Formula 4, mpikisano wa magalimoto wa madalaivala achinyamata ongoyamba kumene) amagulitsa: inu mumabweretsa dalaivala ndi ndalama, iwo amabweretsa galimoto, amakaniko, injiniya, thiraki yonyamulira katundu ndi zida zonse. Tidaligwiritsa ntchito sizoni yonse ya 2024 ya Italian F4, kuyambira ku Misano mpaka ku Monza, kudutsa ku Imola, Vallelunga, Mugello, Paul Ricard ndi Barcelona. Timuyo sinditchula dzina. Si imodzi mwa zikuluzikulu zija, komanso si yakumchira.

Choyamba muyenera kudziwa kuti galimoto simukuigula, ndipo si imene imasiyanitsa matimu. Aliyense pa mpikisanowu amayendetsa Tatuus F4-T421, imene idayamba mu 2022 ndipo ili ndi halo yoteteza mutu. Injini ndi Abarth ya malita 1.4 yokhala ndi turbo, yamphamvu pafupifupi mahatchi 180, magiya ndi 6 osinthira pachiwongolero, matayala ndi a Pirelli. Injini imabwera yomatidwa zidindo kuchokera ku Autotecnica, makaniko sangaitsegule n'kuwonjezeramo kanthu. Ndiye mukamva dalaivala akudandaula kuti injini yake ndi yofooka, yambani mwayang'ana mmene akutulukira pakona. Kawirikawiri liwiro limene akulisowa kumapeto kwa msewu wowongoka adalitaya kale pamene adachedwa kuponda mafuta.

Chimene mukulipira kwenikweni ndi manja a amakaniko ndi nthawi ya injiniya. Pa manja, timu iyi ndi yabwino zedi. Mpando adauumba bwino tsiku loyamba: dalaivala amakhala m'galimoto atavala zonse, kumsana kwake amaikako thumba la thovu limene limauma motsatira thupi lake, kenako amasuntha mapedulo mpaka mwendo ufike pa buleki osatambasuka wonse. Akalakwitsa apa, dalaivala sangaponde buleki mwamphamvu sizoni yonse ndipo palibe amene angazindikire chifukwa chake. Galimoto ikangobwera kuchokera mumsewu ankaikweza, kuyang'ana pansi pake, ndipo ikamenya kerb (mphepete yokwera ya pakona) mwamphamvu ankaiika pa masikelo anayi, limodzi pa tayala lililonse, n'kumanga zingwe m'mbali kuti aone ngati matayala akadali olunjika. Mkono wa suspension (chitsulo cholumikiza tayala ku galimoto) ukapindika pang'ono pokha, diso siliona koma galimoto imakokera mbali imodzi pa buleki. Sizoni yonse sitidatayepo mpikisano chifukwa cha nati yomasuka kapena paipi yodontha, ndipo zimenezi si zachibwana.

Pa matayala ankadziwanso chochita. Mu F4 mulibe mabulangete otenthetsera matayala, amatuluka ali ozizira. Mpweya amauika wochepa dala kuti tayala likatentha ufike pamlingo woyenera, choncho makaniko amayenera kuyeza kutentha kwa phula asanapope, osati kungokopera nambala ya dzulo. Kusiyana kwa 0.1 bar kumamveka pachiwongolero. Ukachuluka, tayala limatupa pakati ndipo galimoto imaterereka pakatha maulendo ochepa; ukachepa, limachedwa kugwira ndipo nthawi ya qualifying (gawo lolimbirana malo oyambira mpikisano) imatha lisanadzuke. Amakaniko ake ankayeza mpweya ndi kutentha m'malo atatu a tayala, mkati, pakati ndi kunja, galimoto ikangoima. Mkati mukatentha kwambiri kuposa kunja, ndiye kuti camber (kupendekera kwa tayala mkati) yachuluka. Galimotoyi ilibe ABS, chida choletsa matayala kukiya pa buleki, ndiye dalaivala akakiya tayala lakutsogolo kamodzi kokha limadyeka malo amodzi n'kuyamba kunjenjemeretsa chiwongolero, ndipo poti matayala a wikendi ndi owerengeka, limenelo mukhala nalo basi.

Nyenyezi yoyamba idagwera pa injiniya. Munthuyo amadziwa ntchito, vuto ndi loti ankayang'anira magalimoto atatu. Mgwirizano udangolemba kuti dalaivala adzakhala ndi injiniya, osanena kuti adzagawana ndi angati. Gawo lililonse likatha pamayenera kukhala nthawi yokhala pansi pa kompyuta, kuika mizere ya deta ya dalaivala pamwamba pa ya mnzake wothamanga: liwiro, mafuta, mphamvu ya buleki, giya. Mzere wa buleki ndi umene umaphunzitsa kwambiri. Woyendetsa bwino amaponda mwamphamvu nthawi imodzi pachiyambi, pamene mapiko akukanikiza galimoto pansi, kenako n'kumamasula pang'onopang'ono akulowa pakona. Wochokera ku kart (timagalimoto tating'ono timene ana amayambira mipikisano) nthawi zambiri amachita mosemphana, amayamba monyengerera n'kuwonjezera kumapeto, tayala n'kukiya. Kuti chizolowezi chotere chithe pamafunika kuchiona kona ndi kona, vidiyo ili pambali. Ife tinkapatsidwa mphindi zochepa, injiniya akuyang'ana wotchi chifukwa ena awiri akudikira pakhomo.

Palinso china chimene timu yapakatikati singakupatseni ngakhale itafuna. Deta imathandiza ngati amene mukudziyerekeza naye ndi wothamangadi. Freddie Slater adapambana mipikisano 15 chaka chimenechi ali ku timu yaikulu ya Prema. Amene anali naye timu imodzi ankaona mizere ya katswiri madzulo aliwonse. Kwathu mzere wabwino kwambiri unali wa munthu wapakati pa gulu, ndiye umaphunzira kuthamanga ngati wapakati pa gulu. Musanasaine funsani kuti madalaivala ena ndi ndani, ndipo kodi timu ili ndi dalaivala wodziwa amene amakwera galimoto pa masiku oyeserera kuti asiye deta yoyerekezera.

Nyenyezi yachiwiri idagwera pa qualifying, ndipo apa ndiye padatipweteka. Mu 2024 magawo ake anali awiri a mphindi 15, ndipo ndi amene ankapereka malo oyambira. Kulibe zotembenuza mndandanda monga amachitira mu mpikisano wapamwamba wa F2 kuti wakumbuyo apeze mwayi. Magalimoto ankaposa 30. Mpikisano unali wa mphindi 30 kuwonjezera ulendo umodzi, ndipo safety car (galimoto imene imachedwetsa onse pakachitika ngozi) ikatuluka wotchi siima, ndiye mphindi zothamangadi zimatha kutsala theka. Woyambira kumbuyo alibe nthawi yokwera, komanso ndi amene amakhala pakati pa chipwirikiti cha kona yoyamba.

Timu inkakonda kuchedwetsa galimoto kutuluka pofuna kuti phula liyambe lagwira bwino. Pa pepala n'zomveka. Koma tayala latsopano limafuna maulendo angapo olitenthetsa lisanapereke mphamvu yake yonse, ndipo mphamvuyo sikhalitsa. Mbendera yofiira yoimitsa gawolo ikangotuluka chapakati, wochedwa uja amatsala wopanda nthawi yabwino ngakhale imodzi. Ku Monza zimaipiratu. Msewu wake ndi wa makilomita 5.793, wodzaza mbali zowongoka, ndipo aliyense amafuna kubisala kumbuyo kwa mnzake kuti mphepo isamukankhe. Onse amachepetsa liwiro asanafike kona yomaliza, kudikirana kuti wina atsogole, matayala n'kuzizira. Timu yokonzeka imagwirizanitsa magalimoto ake kuti azikokana mosinthana. Yathu idasiya aliyense adzionere yekha. Ku Mugello, kumene makona a Arrabbiata amafuna galimoto yokhazikika pa liwiro lalikulu, adakonza bwino mapiko ndi kutalika kwa galimoto kuchokera pansi, ndipo pamenepo ndiwayamikire.

Kunyamuka pamzere adakuphunzitsa mokwanira. Malo amene kilachi imayamba kugwira amasuntha ikatentha kapena ikadyeka, choncho ankayeserera ponyamuka pa masiku oyeserera n'kulemba. Galimoto yozima pamzere, ena 20 akubwera kumbuyo, ndi ngozi yodula kwambiri.

Tsopano za ndalama. Mtengo wa pa tsamba loyamba la mgwirizano si umene mudzalipire. Zowonongeka pa ngozi zili kwa inu, kaya wolakwa ndi ndani. Wokugundani salipira kanthu. Phiko lakutsogolo ndi limene limathyoka kawirikawiri, kenako mikono ya suspension, marimu ndi pansi pa galimoto. Inshuwaransi ilipo, koma pa ngozi iliyonse pali gawo loyamba limene mumalipira nokha, ndipo ngozi zing'onozing'ono zambiri sizidutsa gawolo, ndiye zonse zimatuluka m'thumba mwanu. Onani ngati injini ndi giyabokosi zili mkati, komanso malire a ndalama zimene angalipire pa wikendi imodzi. Masiku oyeserera ndi owerengeka. Funsani kuti tsiku lililonse lili ndi matayala atsopano angati, chifukwa kuyeserera pa matayala otha sikuphunzitsa qualifying. Funsaninso chimene chimachitika tsiku likawonongeka ndi mvula kapena galimoto ikafa m'mawa. Kwa ife tsiku lotero linkawerengedwa ngati latha. Zindapusa za oweruza, chipewa, HANS (choteteza khosi), zovala zosagwira moto, maulendo ndi malo ogona, zonsezi n'zapadera.

Mabilu a zowonongeka ankabwera mochedwa, nthawi zina wikendi yotsatira itadutsa, atangolemba mtengo wonse pamodzi. Titaumirira adayamba kutumiza mndandanda wa chitsulo chilichonse ndi zithunzi. Lembetsani zimenezi mu mgwirizano kuyambira pachiyambi, pamodzi ndi ufulu woona zida zothyokazo zisanatayidwe.

Kodi phukusili ndi la ndani? Kwa wazaka 15 amene wangochoka ku kart ndipo chaka choyamba akufuna kuphunzira misewu ndi galimoto, ndi labwino: galimoto ndi yodalirika, amakaniko ndi osamala, ndipo sakukalipira mwana akalakwitsa. Kwa amene akusaka mapointi a Super Licence, laisensi yoyendetsera mu Formula 1, nkhani ndi ina. Katswiri wa F4 amapeza 12 mwa 40 ofunika, ndipo amene amalandirako ndi 7 oyambirira okha pa mndandanda wa sizoni. Mpikisano umene adapambanapo Lance Stroll mu 2014, Oliver Bearman mu 2021 ndi Andrea Kimi Antonelli mu 2022 sungakulowetseni m'gulu limenelo ndi injiniya wogawana anthu atatu. Ngati mukubwerera chaka chachiwiri ndi timu ngati iyi, lipirani injiniya wanuwanu ndi matayala atsopano owonjezera pa masiku oyeserera, ndipo dzina la injiniyayo lilembedwe mu mgwirizano musanapereke gawo loyamba la ndalama.