Dithane, kopa kapena Ridomil: mugule uti pa chiwawu cha matimati kuno ku Salima?

Alimi ambiri a m'madimba a m'mbali mwa Linthipe ndi Lilongwe akaona masamba a matimati akupsa amathamangira Ridomil, poti ndi wokwera mtengo ndiye amati ndi wamphamvu. Musanatulutse ndalamayo, thothani tsamba limodzi lodwala muliyang'anitsitse, chifukwa matenda amene tonse timangowatcha chiwawu alipo awiri, ndipo sagonjera mankhwala mofanana.

Choyamba chimabwera ndi fangasi wotchedwa Alternaria solani. Chimayambira masamba akale a m'munsi n'kumakwera. Mawanga ake ndi abulauni, ouma, okhala ndi timizere tozungulirazungulira mkati mwake, ndipo m'mphepete mwake mumachita chikasu. Pa chipatso chimadya pafupi ndi phesi. Chimakonda kufunda kwa madigiri 24 mpaka 29, masamba akamanyowa usiku n'kuuma masana, makamaka pa mbewu yanjala kapena yolemedwa ndi zipatso. Nyengo ya kunyanja kuno ndi yomweyo, n'chifukwa chake ichi ndicho timakumana nacho kawirikawiri.

Chachiwiri ndi cha Phytophthora infestans, chomwe chimazunza anzathu a ku Dedza ndi Ntcheu kozizira. Mawanga ake ndi aakulu, onyowa ngati tsamba lathiridwa madzi otentha, ndipo m'mamawa kunsi kwa tsamba kumaoneka kanguwi koyera. Tsinde limada, chipatso chimachita chibanga cholimba chabulauni, munda wonse n'kupserera m'sabata imodzi. Kukatentha kupyola madigiri 30 chimafooka. Kuno muchiyembekezere mu Juni ndi Julayi mwera ukamawomba mame ali ochuluka, kapena mvula ikagwa mosalekeza kwa masiku angapo.

Tsono taonani zimene zili m'paketi. Dithane M-45 ndi mancozeb, magawo 80 pa 100 alionse. Ridomil Gold MZ 68 ali ndi mancozeb yemweyo magawo 64, kuphatikizapo metalaxyl-M magawo 4. Ndalama yowonjezerayo mukulipirira magawo 4 amenewo, ndipo metalaxyl amagwira Phytophthora ndi abale ake monga Pythium, woolesa mbande pa nazale, koma Alternaria samugwira. Pa muyeso wa magalamu 2.5 pa lita, sipuleya ya malita 16 imadya magalamu 40. Akakhala a Dithane, mwathira magalamu 32 a mancozeb. Akakhala a Ridomil, mwathira 25.6 okha. Ndiye kuti pa chiwawu cha timizere tozungulira, wogula Ridomil walipira zambiri n'kulandira mankhwala ochepa.

Kufooka kwa Dithane n'kwakuti salowa m'tsamba. Amangokhala pamwamba kutchinga kuti mbewu za fangasi zisamere, ndiye banga lomwe laoneka kale sangalichize, tsamba lophuka mutapopera kale lilibe chitetezo, ndipo mvula yamphamvu imamutsuka. Pamafunika kuyamba matenda asanaoneke n'kumabwereza pa masiku 7 mpaka 10, koma mvula ikamagwa muzipopera pafupipafupi kuposa apo. Ambiri amene amati Dithane wa masiku ano ndi madzi amakhala kuti anayamba mochedwa, kapena anangowaza pamwamba osanyowetsa kunsi kwa masamba. Ubwino wake, amagwira ziwawu zonse ziwiri ndipo fangasi samuzolowera msanga. Kubiriwira komwe mumaona mukapopera kumachokera ku manganese ndi zinki za m'mankhwalamo. Musasiye feteleza chifukwa cha chimenecho.

Ridomil ali ndi nthawi yake. Metalaxyl amalowa m'tsamba n'kuyenda ndi madzi a mbewu kukwera kunsonga, motero mvula siimuchotsa akalowa, ndipo amateteza ndi masamba atsopano omwe. Mukaona kanguwi koyera kaja m'munda mwanu kapena mwa mnzanu woyandikana naye, apo musaumire. Koma musapyole katatu pa mbewu imodzi, motalikitsa masiku 10 mpaka 14, kenaka mubwerere ku Dithane. Phytophthora amamuzolowera metalaxyl mwachangu: ku Ireland ndi Netherlands zinaoneka kale mu 1980, mankhwalawo atangogwiritsidwa ntchito zaka zochepa pa mbatata ya kachewere.

Kopa, copper oxychloride wobiriwira uja, nayenso ndi wotchinga chabe, ndipo pa Alternaria amachepera Dithane. Pomwe amaposa onse awiri ndi pa timadontho ting'onoting'ono takuda ta mabakiteriya, tomwe timabuka mvula ikamathovutsira dothi pamasamba. Muyeso wake umasiyana malinga ndi kampani, choncho tsatani zolembedwa pa paketi. Mukaonjeza, kapena kupopera dzuwa la mu Okutobala lili paliwombo, amawaula masamba anthete ndi maluwa.

Kukhala ife, tingagule Dithane wokwanira mbewu yonse, kapaketi kamodzi ka Ridomil kosungira miyezi yozizira, kopa pokhapokha ngati tikulima matimati a dzinja. Chiwawu cha Alternaria chikakula ngakhale mukupopera bwino, wolowa m'tsamba woyenera kufunsa kusitolo ndi wokhala ndi difenoconazole kapena azoxystrobin.

Kasungunulidwe kamaononganso mankhwala abwino. Yezani magalamu 40 a Dithane kapena Ridomil pa sikelo kamodzi, mulembe mzere pa kachitini kanu, chifukwa masupuni sakula mofanana. Phalani ufawo m'kabigiri ndi madzi pang'ono mpaka usachite mibulu, thirani madzi theka m'sipuleya, tsanulirani phalalo kudzera pa sefa, dzazitsani, n'kumakhutchumula mukuyenda poti ufa umakhazikika pansi. Osungunula lero athe lero. Mancozeb amaonongeka akagonera m'madzi, ndiponso akakumana ndi phulusa kapena laimu. Poperani mame atauma kapena chakumadzulo mphepo itadekha, mutavala zophimba mkono, mphuno ndi pakamwa. Sipuleya musakatsukire mumtsinje kapena kunyanja, chifukwa kopa ndi mancozeb zimapha nsomba.

Pali zina zimene atatu onsewa sangakuthandizeni. Masamba akachita timadontho totuwa, kunsi kuli kaukonde, amenewo ndi akangaude ofiira a m'chilimwe. Mbewu ikafota mbali imodzi n'kuchita chikasu, mukang'amba tsinde mkati muli mwabulauni, ameneyo ndi Fusarium wa m'dothi. Ikafota idakali yobiriwira, dulani tsinde mulimize m'tambula ya madzi oyera. Mukaona timizere tonga mkaka tikutsika, ndi mabakiteriya. Zofota zoterezi zulani mukatenthe, ndipo pamalopo pasabwerere matimati, mabiringanya kapena tsabola kwa zaka zitatu kapena kuposerapo.

Mankhwala oyeza m'timapepala pamsika, opanda dzina ndi tsiku lothera ntchito, asiyeni. Gulani paketi yomata yovomerezedwa ndi Pesticides Control Board, ndipo muwerengepo masiku oyenera kudikira kuchokera popopera kufika pothyola musanauze ogula kuti abwere ndi madengu awo.