Kalasi ya Loweruka ya ma class diagram ku Katoto: ndinalipira ndipo ndinaphunzirako

Anthu atatu andifunsa kale ngati kalasi ija ya UML (njira yojambulira mapulani a pulogalamu ya pakompyuta ndi mabokosi ndi mizere), yomwe imachitikira m'kachipinda kuseri kwa mashopu ku Katoto, mumzinda wa Mzuzu, ili ndi phindu. Ndawayankha onse kuti inde, koma pali zina zofunika kuzidziwiratu musanatulutse ndalama yanu.

Ine masana ndimalemba mabuku a ndalama pa shopu ina ya zipangizo zomangira m'tauni, madzulo ndikuchita dipuloma ya ICT. Pulojekiti yanga yomalizira ndi pulogalamu yosunga zolembera za banki mkhonde ya amayi a ku Chiputula, gulu lomwe mayi anga ndi msungichuma. Pa class diagram, chojambula chosonyeza mitundu ya zinthu za m'pulogalamu (ma class) ndi kulumikizana kwake, mabokosi sankandivuta. Dzina la class pamwamba, ma attribute (zomwe chinthucho chimasunga) pakati, ma operation (zomwe chimachita) pansi, basi. Chinkandizunguza mutu ndi mizere yolumikiza mabokosiwo: pati pafunika kadayamondi, pati pafunika muvi, ndipo mutu wa muviwo uloze kuti. Oyang'anira pulojekiti anabweza chojambula changa kawiri, ndiye mnzanga wa ku Luwinga atanditchulira za kalasiyi ndinangoti ndikayeseko.

Ndinalipira K35,000 pa ma Loweruka anayi, kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko. Tinalipo anthu asanu ndi atatu. M'chipindamo muli bolodi limodzi loyera, mabenchi awiri ndi soketi imodzi yomwe tinkasinthana. Mphunzitsi wake ndi bambo wachinyamata amene amapangira mabizinesi ang'onoang'ono mapulogalamu, ndipo amaphunzitsa m'Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, apo ndi apo n'kuponyamo Chitumbuka wina akasowa.

Tsiku loyamba anatiuza kuti titseke malaputopu. Lamulo lake ndi lakuti mzere uliwonse usanaujambule uyambe waunena pakamwa ngati chiganizo, kuchokera mbali iyi kupita uko, kenako kuchokera uko kubwerera kuno. Atatenga pepala langa anaona kuti pakati pa bokosi la Gulu ndi la Membala ndinaika kadayamondi kodetsedwa mkati, komwe ndi chizindikiro cha composition.

"Achemwali, gululi likagawana ndalama mu Disembala n'kutha, mayi anu mumawafufuta nawo?"

"Ayi aphunzitsi, amalowa gulu lina. Ndipotu panopa ali m'magulu awiri, la ku Chiputula ndi la kutchalitchi."

"Mwadziyankha kawiri pamenepo."

Anafotokoza kuti composition imafuna zinthu ziwiri. Chidutswa chimakhala cha mwini mmodzi yekha pa nthawi imodzi, ndipo mwiniyo akafufutidwa chidutswacho chimapita naye. Mayi anga sakukwana pa zonse ziwiri. Kenako anandiuza ndifufuze m'buku la gululo momwe muli chinthu chomwe chilibe moyo pachokha. Ndinachipeza ndekha: Kubweza. Mzere wakuti wina wabweza K5,000 pa tsiku lakuti sutanthauza kanthu ngati palibe Ngongole yomwe ikubwezedwayo, ndipo sungakhale wa ngongole ziwiri. Pamenepo ndi pomwe kadayamondi kakuda kayenera kukhala, ndipo kamakhala kumbali ya Ngongole, kwa mwini, osati kwa chidutswa. Ine ndinkakaika mosinthanitsa nthawi zambiri, ndipo palibe anali atandiuzapo.

Za aggregation, kadayamondi koyera mkati, ndinamuyamikira chifukwa sanadzionetse ngati wodziwa kuposa zomwe zilipo. Anati kamasonyeza kuti chinthu ndi mbali ya china koma chikhoza kukhala pachokha, n'kuonjezera kuti ngakhale chikalata cha malamulo a UML sichimanga tanthauzo lake mwamphamvu, chimawasiyira ojambula kuti agwirizane okha. Malangizo ake anali akuti pa mayeso udziwe kusiyanitsa, koma pa ntchito ukakayikira ingojambula association, mzere wamba, n'kuulemba dzina lomveka. Ndakhala ndikuchita zimenezo.

Loweruka lachiwiri ndi lomwe ndinaona kuti ndalama yanga yabwerera. Tinali pa multiplicity, manambala aja a kumapeto kwa mzere: 1, 0..1, 1..* ndi kanyenyezi kokha (kanyenyeziko kamatanthauza zambiri). Anatiphunzitsa kuti nambala umaiwerengera kumapeto akutali. Ukaima pa Gulu n'kuyang'ana ku Membala, zomwe zalembedwa pafupi ndi Membala ndizo zikukuuza kuti gulu limodzi lili ndi mamembala angati. Kwa ife zinatuluka zambiri uku ndi uku, poti gulu lili ndi mamembala ambiri ndipo membala akhoza kukhala m'magulu angapo. Ndiye anafunsa funso lomwe linatikhalitsa chete tonse: masheya tiwalemba m'bokosi liti?

Ndinati mwa Membala. Anati, mayi anu ali ndi masheya angati? Ndinati zitengera gulu, ku Chiputula ali ndi ochuluka kuposa kutchalitchi. Wina anati ndiye tiwaike mwa Gulu, koma gulu lili ndi anthu ambiri, aliyense ndi ake. Tinakangana mwina mphindi khumi iye akungomvetsera, ndipo sanatidule. Potsiriza anajambula bokosi lachitatu, n'kulitcha Umembala, n'kulilumikiza ndi mzere wodukizadukiza pakati penipeni pa mzere wa Gulu ndi Membala. Imeneyo ndiyo association class. Masheya, tsiku lolowera, ngakhale nambala ya pasibuku, zonsezi si za munthu payekha kapena za gulu palokha, ndi za ubale wa awiriwo. Nditafika kunyumba ndinatsegula buku la mayi ndipo ndinaona kuti tsamba lililonse la bukulo ndi Umembala womwewo. Amayiwa akhala akuchita zimenezi ndi cholembera zaka zonsezi.

Generalization, pomwe class ina (mwana) ili mtundu wa class inzake (kholo), tinaichita sabata lachitatu. Chizindikiro chake ndi muvi wa mutu wa ngodya zitatu, woyera mkati, woloza kwa kholo. Ine ndinali nditajambula Msungichuma ngati mwana wa Membala, chifukwa msungichuma ndi membala ndithu. Anavomera kuti chiganizocho chikumveka, koma anandifunsa ngati mayi anabadwa ali msungichuma. Udindo umasintha gulu likasankha ena, pomwe m'zinenero zolembera mapulogalamu ngati Java, object (chinthu chimodzi chopangidwa kuchokera ku class) ikapangidwa sisintha class yake. Choncho udindowo tinausandutsa mzere wina wochokera ku Gulu, wolembedwa kuti msungichuma, wokhala ndi 1 kumapeto. Pomwe generalization inakhala bwino ndi pa Kubweza: pali kubweza kwa ndalama ya pamanja ndi kubweza kwa pa foni, monga pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Zonse zili ndi tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama, koma ya pa foni yokha ndiyo ili ndi nambala ya uthenga wotsimikizira.

Mbiri sanachedwe nayo, ndipo anachita bwino. Anangoti UML inachokera m'kuphatikiza njira za Grady Booch, James Rumbaugh ndi Ivar Jacobson ku kampani ya Rational Software, bungwe loona za miyezo ya mapulogalamu la Object Management Group (OMG) linaivomereza mu 1997, ndipo UML 2.0 inatuluka mu 2005. Chomwe chinandithandiza pamenepa ndi chenjezo lake lakuti mabuku akale otsata njira ya Rumbaugh ya OMT amaika kampira kakuda kumapeto kwa mzere pofuna kunena kuti zambiri. Ndinali nditakumana nako m'buku lina lobwereka, n'kumayesa kuti ndi composition yosindikizidwa molakwika.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse, ndipo sindizichepetsa.

Dependency ndi realization anazithamangitsa Loweruka lomaliza m'mphindi zosakwana makumi awiri. Ndinatulukamo ndikudziwa kuti dependency ndi mzere wodukizadukiza wa muvi wotsekuka, realization ndi wodukizadukiza wa mutu wa ngodya zitatu woloza ku interface (mndandanda wa ma operation omwe class iyenera kukhala nawo), koma popanda chitsanzo cha moyo ngati zinazo. Kusiyana kwa class yomwe imasunga inzake ndi yomwe imangoigwiritsa ntchito kwakanthawi ndinakakumvetsa ndekha kunyumba. Nthawiyo inatha chifukwa kawiri konse tinayamba mochedwa ndi theka la ola, mphunzitsi akuchokera kwa kasitomala. Munthu wakwera kabaza m'mawa wa Juni, kuzizira kwa Mzuzu kumene mukukudziwa kuja, n'kukadikira pakhonde, si zabwino. Anapepesa, koma nthawiyo sanaibweze.

Manotsi omwe analonjeza anabwera pa WhatsApp ngati zithunzi za bolodi, zina zosaoneka bwino chifukwa cha kuwala kwa pawindo. Pa ndalama imeneyo kapepala kotayipa ka zizindikiro zonse kanayenera kukhalapo. Tsiku lomwe tinayenera kuyeserera pa pulogalamu yojambulira ya draw.io magetsi anazima, malaputopu atatu mabatire anali ofooka, ndipo panalibe china chokonzedwa. Anangotiuza kuti pulogalamuyi ndi yaulere, ili ndi gulu la zizindikiro za UML, ndipo ukaiika pa kompyuta imagwira popanda bando. Zimenezo n'zoona, ndaiyesa, koma si zomwe tinalipirira tsikulo. Mvula ikamagunda pamalata, wokhala benchi ya kumbuyo samva, choncho fikani msanga mukhale kutsogolo.

Chinanso, kalasiyi si ya munthu amene sanalembepo pulogalamu. Atsikana awiri omwe anali asanakumanepo ndi class m'chinenero chilichonse anasokonezeka sabata lachiwiri, ndipo mmodzi sanabwerenso. Zinandikhudza, chifukwa anali wakhama ndipo ankalemba chilichonse. Mphunzitsi anayenera kuwafunsa asanalandire ndalama zawo. Ngati mwafikapo pa Java, Python kapena C# ndipo vuto lanu ndi ngati langa, pitani, ndipo mutenge pulojekiti yanu yeniyeni. Omwe anabwera chimanjamanja ankangoonerera zitsanzo za ena, pomwe ife tinabwera ndi mapepala tinabwerera atakonzedwa.

Chojambula changa chachitatu chinavomerezedwa. Ndisanakachipereke ndinachiyala pa tebulo n'kuwawerengera mayi mzere uliwonse pakamwa, monga tinkachitira ku Katoto. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Nanga chindapusa cha wobwera mochedwa chili pati? Nanga thumba la zadzidzidzi, la maliro ndi matenda?" Zonse ziwiri munalibe. Thumbalo ndalipatsa bokosi lake, lolumikizidwa ku Gulu ndi kadayamondi kakuda. Chindapusa ndikadali nacho pa pepala la pensulo, chifukwa chikufunika mizere iwiri, wina wopita ku Umembala wina ku Msonkhano womwe munthuyo anachedwako, ndipo Msonkhanowo ndinali ndisanaujambule n'komwe.