Ndinalipira kukaonana ndi katswiri wa zakudya chifukwa cha shuga ndi kudya kosaleka usiku, mmene zinayendera ndi umu

Kwa amene mukuganiza zotulutsa ndalama kukaonana ndi katswiri wa zakudya pa kiliniki yapulayiveti, ine ndinapita pa ina mu Blantyre momuno ndipo ndinganene kuti pitani, koma musapite mukuyembekeza kuti akakupatsani mndandanda wa zoletsedwa mubwere nawo mumate pa filiji basi nkhani yatha. Mayi amene ndinamupeza ine anachita zosiyana ndi zimenezo, ndipo ndi chifukwa chake sindikudandaula ndalama yanga ngakhale pali zingapo zomwe zinandinyansa pamalopo, ndizinena kumunsiku.

Ine ndili ndi shuga wa mtundu wachiwiri, ndimamwa metformin ndi glibenclamide. Vuto langa silinali kusadziwa kuti mandasi ndi oipa ayi, zimenezo aliyense amadziwa, ngakhale kondakitala wa minibasi akhoza kukuuzani. Vuto linali loti masana onse ndimadzimana zoopsa, mmawa tiyi wopanda shuga basi, ku ofesi lanchi osadya kapena kankhaka kamodzi, anzanga kumanditama kuti koma ndiye mukulimba mtima asisi. Ndiye ikamakwana 9 koloko usiku ana atagona ndimapezeka ndili kukhitchini chiimirire, buledi theka watha ndi majarini, mkute wa nsima wozizira ndadya ndi supu wotsala mu poto, kenako chiponde ndi supuni kuchokera m'botolo momwemo, zonsezi mwachangu ngati pali wondithamangitsa ndipo kukoma kwake sindikukumva nkomwe. Mimba kuchita kupweteka koma dzanja osaleka. Mmawa kamakina koyezera shuga kaja kakuonetsa 13 kapena 14, manyazi, ndiye kulumbira kuti lero sindidya kanthu. Usiku zomwezo.

Poyambira penipeni sipanandisangalatse. Sikelo yawo ili pakhonde pamene pamadikirira anthu onse, ndipo nesi amatchula makilo ako mokweza kuti mnzake alembe. Munthu amene wabwera ndi vuto la manyazi pa kadyedwe kumuyeza pagulu choncho, abale, ena akhoza kubwerera pomwepo. Nthawi yomwe anandipatsa sinasungidwenso, ndinadikira ndithu.

Koma nditalowa mkati zinasintha. Ndinali nditakonzeka kuulula machimo a zakudya, mayiyo sanafunse zimenezo poyamba. Anati, "Amayi, dzulo chakudya chenicheni choyamba munadya nthawi yanji?" Ndinati cha m'ma 7 madzulo. Anatenga pepala najambula mzere wa tsiku kuyambira 5 mmawa mpaka pakati pausiku, kulemba pamene ndimamwa mankhwala, pamene ndimadya, pamene ndimayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta ku ofesi, ndiye anandiloza mpata waukulu uli pakati nati, "Mukulimbana ndi usiku koma nkhondo yanu ikuyambira apa." Kufotokoza kwake kunali koti thupi lomwe lamanidwa maola 12 silimapempha mwaulemu, limalanda, ndipo malamulo okhwima aja oti ichi sindidzalawanso ndi omwe amapangitsa kuti ukangolawa kachidutswa kamodzi uziti basi ndaononga kale bola ndingomaliza zonse.

Chomwe chinandidzidzimutsa kwambiri ndi cha mankhwala. Metformin payekha satsitsa shuga mopyola kawirikawiri, koma glibenclamide amakakamiza thupi kutulutsa insulin, yemwe amatsitsa shuga m'magazi, kaya wadya kaya sunadye. Tsono ine kumwa mmawa kenako osadya, shuga amatsika, ndipo akafika pansi pa 3.9 pa kamakina kaja, kapena 70 kwa amene makina anu amawerenga manambala akuluakulu aja, njala yake si yamasewera, umatha kudya chilichonse chili patsogolo. Zina zomwe ndimaziona ngati kufooka mtima kunali kutsika kwa shuga. Anandiphunzitsa kuti zikatero ndimwe madzi osungunulamo masupuni a tiyi atatu a shuga, omwe ndi magalamu pafupifupi 15, ndidikire mphindi 15 ndiyezenso, osati kukhuthula filiji yonse. Ndipo apa ndinamulemekeza, mankhwala sanawakhudze yekha, analemba kakalata koti ndipite nako kwa dokotala wanga kuti aone ngati mlingo ukuyenera kusintha. Pali anthu ambiri mtauni muno ogulitsa timabotolo ndi tiyi wa zitsamba amene amakuuza kuti siya mankhwala a kuchipatala, awa sanali a gulu limenelo.

Anandifunsanso mafunso ena amene palibe anandifunsapo chiyambire, ngati ndimadzisanzitsa ndikadya kwambiri, ngati ndimamwa mankhwala otsegula m'mimba, ngati ndimadya mobisa, ngati ndimamva kuti sindingathe kusiya ndikayamba. Anati kudya kotereku madokotala a matenda amaganizo ku America anakulemba ngati matenda apaokha mu 2013, ndipo amaganizira za matendawa ngati zikuchitika kamodzi pa sabata kapena kuposa kwa miyezi itatu, munthu akudya chakudya chochuluka pa nthawi yochepa ndipo akulephera kudziletsa. Kudya kwambiri pa ukwati kapena pa Khirisimasi si zimenezi. Kwathu kuno timangoti ndi dyera kapena umbombo, munthu nkumangobisa.

Ndondomeko yomwe anandipatsa poyamba ndinaikayikira chifukwa imaoneka ngati akundionjezera chakudya. Kudya katatu, kadzutsa, nkhomaliro ndi mgonero, kuphatikiza tokhwasula tiwiri pakati, osalola kuti padutse maola opyola anayi ndisanaike kanthu mkamwa, ndipo nthawi zake kuzikonzeratu osadikira njala. Tokhwasula take ndi tawamba, mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi, dzira lowiritsa, gwafa, theka la peyala, chambiko chopanda shuga. Mmawa anati dzira kapena nyemba zotsala ndi kagawo ka mbatata yowiritsa, kapena phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'malo mwa shuga.

Nsima sanandiletse. Ndibwerezenso chifukwa ena anauzidwa kuti odwala shuga nsima ayi, nkumavutika ndi njala mpaka kukagwera mu chipisi cha pa chiwaya. Anatenga mbale yeniyeni mu kabati yake nandionetsa, theka la mbale masamba, kaya bonongwe, nkhwani, mpiru, chisoso, therere, kota ndiwo zomanga thupi ngati usipa, matemba, nkhuku, nyemba kapena nandolo, kota yotsalayo ndiye nsima, mtanda umodzi wofanana ndi chibakera changa osati chipande chodzaza chija timapakulira abambo. Ndipo anati ndiziyamba masamba ndi ndiwo, nsima izibwera pambuyo. Za mgaiwa ananena zoona zomwe ambiri safuna kumva, kuti inde ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa gaga ali momwemo ndipo umakhalitsa m'mimba, koma ndi chimanga chomwecho, mitanda itatu ya mgaiwa shuga akwera basi. Kondowole chimodzimodzi. Anandiuza kuti ndisakhulupirire iye, ndikhulupirire chala changa, ndiyeze ndisanadye kenako patatha maola awiri. Ndinayesa. Mitanda iwiri ya ufa woyera ndi kanyama kochepa inandifikitsa kupyola 13, mtanda umodzi wa mgaiwa ndi nyemba ndi bonongwe wambiri ndinali cha m'ma 9, ndipo mlingo womwe amafuna ukatha kudya ndi pansi pa 10. Mmawa usanadye amafuna pakati pa 4.4 ndi 7.2. Masitiripu oyezera aja ndi odula ndiye simungamayeze chakudya chilichonse, iye anati ndisankhe zakudya zomwe ndimadya kawirikawiri ndiziyese kamodzikamodzi ndidziwe.

Pamene anakhwimitsa ndi pa zakumwa. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi la 300ml limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi 7 kapena 8, pamene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati shuga woonjezera pa tsiku lonse ndi bwino asapyole masupuni 6 ngati munthu angathe. Thobwa lotsekemera lija, maheu a m'sitolo, juwisi ngakhale alembe kuti ndi wa zipatso zenizeni, zonsezi zimalowa m'magazi mwachangu ndipo sizikhutitsa. Mango anati idyani limodzi laling'ono mukatha chakudya, osati kukhala pansi ndi beseni ngati mmene timachitira Disembala. Ndinaseka chifukwa ndi ine ndendende.

Koma mfundo yomwe ndinaona kuti ndalama yanga yagwira ntchito ndi ya tsiku lotsatira. Anati zidzachitikabe, mudzapezeka mwadya mosaleka usiku wina, ndiye mmawa wake idyani kadzutsa pa nthawi yake ngati palibe chachitika, imwani mankhwala monga mwa masiku onse, imwani madzi, yendaniko pang'ono, musadzilange ndi njala chifukwa chilangocho ndi chomwe chikuitana usiku wina. Anandiuzanso kuti ndizilemba mu kabuku nthawi, malo, ndi zomwe zinali mumtima ndisanayambe. Nditalemba kwa kanthawi ndinaona ndekha kuti masiku oipa amagwa kumapeto kwa mwezi ndalama zikathina, komanso tsiku lomwe tayambana kunyumba. Za sikelo anati kamodzi pa sabata nkokwanira, ndipo zochepetsa thupi tiziika pambali kaye mpaka kadyedwe kakhazikike, zomwe sindinazikonde kumva chifukwa ine ndimafuna makilo atsike msanga.

Tsono zoipa zake. Pepala losindikiza lomwe amapereka potuluka silikugwirizana ndi zomwe mayiyo analankhula mkati, lili mu Chingerezi chokhachokha ndipo ladzaza broccoli, quinoa, tchizi ndi buledi wa mtundu womwe ku Ndirande kapena ku Limbe mumsika simungaupeze, zikuoneka kuti anangolitenga kwina. Zothandiza zonse ndinachita kulemba ndekha kuseri kwa risiti. Agogo ochokera ku Chiradzulu atapatsidwa pepala limenelo angapindule chani? Mtengo nawo ndi wokwera, ulendo umodzi ndi ndalama yoti kwathu tikanagulira ndiwo za masiku angapo, ulendo wobwereza umalipiranso, ndipo ngati muli pa sikimu ya zaumoyo funsiranitu ngati amalipira katswiri wa zakudya musanapite. Anandipatsa nambala ya WhatsApp kuti ndizifunsa koma mayankho amabwera mochedwa, nthawi zina funso lako litatha kale ntchito. Sindikumuda mayiyo, akatswiri oterewa m'Malawi muno ndi ochepa kwambiri ndipo zikuoneka kuti ali yekha pa anthu ambirimbiri, koma akanangonena kuti foni sakwanitsa.

Chachikulu chomwe chikusowa pamalopo ndi mlangizi wa zamaganizo. Mayiyo ananena yekha mosabisa kuti mbali ya chakudya angandithandize koma zomwe zimandikankhira kukhitchini mtima ukawawa zimafuna uphungu wa munthu wophunzira zimenezo, ndipo pa kilinikiyo palibe. Anangonditchulira kuti ndifunse dokotala anditumize, ndi kuti amene ali ku Lilongwe kapena ku Mzuzu kuli Saint John of God komwe amaona za maganizo. Ndiye umatuluka uli ndi theka la thandizo, theka linalo ukasake wekha.

Zotsatira kwa ine, usiku woipa sunatheretu koma wachepa kwambiri, kunjenjemera kwa masana kuja kunasiya dokotala atasintha mlingo wa glibenclamide ndipo ine nditayamba kudya nkhomaliro, manambala a mmawa nthawi zambiri ali pakati pa 7 ndi 8. Makilo sanasunthe kwenikweni. Ndikudikira kuyezetsa HbA1c, kuyeza kuja koonetsa mmene shuga wayendera miyezi itatu yapitayi, komwe ambiri amafuna akhale pansi pa 7 peresenti.

Ngati vuto lanu ndi kungofuna kudziwa zoti muzidya, kiliniki ya shuga ya boma ngati ya ku Queens amaphunzitsa zambiri mwa izi ulere, sungani ndalama yanu mugulire masitiripu. Koma ngati muli ngati ine, masana mngelo usiku kukhitchini, kapena muli pa insulin ndipo mwayamba kudumpha jakisoni kuti musanenepe, zomwe ndi zoopsa kwambiri, pitani ndipo mukanene zonse osachotsera. Tengani buku lanu la kuchipatala, mapaketi a mankhwala onse omwe mukumwa, kamakina kanu, ndi zomwe mwadya masiku atatu apitawo mutalemba ndi nthawi zake, kuphatikizapo za usiku zija. Ndipo mukafika pa sikelo ija muuzeni nesi alembe mwakachetechete, ine ulendo wobwereza ndinatero ndipo anamva.